Kukonza katirela kogonera kunja: magetsi a sola, madzi ndi pogona

Anthu ambiri muno mu Lilongwe amene agula kapena kuwotcheretsa katirela koti azipita nako ku Senga Bay, ku Dzalanyama kapena ku Kasungu amagwa pa zinthu ziwiri zomwezomwezo. Batire imatha usiku woyamba womwewo, furiji n'kuzima, kukacha ndiwo zonse zawonongeka. Apo ayi, tirela imalemera mopyola muyeso, n'kuyamba kupukusa galimoto pamtsetse kapena kuthyola sipuling'i pamsewu wafumbi. Mavuto awiriwa gwero lake ndi limodzi: kuthamangira kogula musanawerengere. Wogulitsa ku Old Town akamati "iyi ndi yamphamvu, bwana, tengani", iye sadziwa kuti furiji yanu imadya moto wochuluka bwanji, ndipo ekiselo ya tirela yanu sanaione n'komwe. Ndiye tiyambira pa pepala ndi cholembera, kusitolo tipita pambuyo.

Ziwerengero zili m'munsimu ndi za banja la anthu 4, pa ulendo wa masiku 2 kapena 3.

## Zofunika kukhala nazo

Zida zogwirira ntchito:
- multimeter (kachipangizo kopimira magetsi)
- chobowolera ndi mano ake a chitsulo ndi a matabwa
- masipanala, pulayala, sikuludiraiva, mpeni, tepi yoyezera ndi choko
- chofinyira timitu ta mawaya
- sikelo yopimira anthu

Za magetsi:
- batire ya sola, LiFePO4 (mtundu wa lithium) ya 100Ah (Ah ndi muyeso wa moto womwe batire imasunga) kapena gel ya 150Ah mpaka 200Ah
- panelo ya 200W kapena kuposerapo
- kontirola (yowongolera moto wochokera ku panelo kupita ku batire) ya mtundu wa MPPT ya 20A
- kabokosi ka mafyuzi, fyuzi yaikulu ndi swichi yodulira moto wonse
- mawaya ofewa a kopa a 1.5, 2.5, 4, 6 ndi 10 mm², ofiira ndi akuda
- mababu a LED a 12V, masoketi a USB, fani ya 12V
- inveta yaing'ono ya 300W (yosandutsa moto wa batire kukhala ngati wa m'nyumba), ngati ilidi yofunika

Za madzi ndi kukhitchini:
- zigubu 4 za malita 20, kapena thanki ya malita 60 mpaka 80
- pampu ya 12V, kasefa, mapaipi a madzi akumwa, timalamba tachitsulo tomangira mapaipi ndi mpopi
- silinda ya gasi, regulator, paipi ya gasi yatsopano ndi chitofu
- chozimitsira moto cha ufa

Za pogona: plywood, matiresi, neti, lona ndi labala womatira m'zitseko.

## Yambani ndi kulemera

1. Dziwani malire a tirela yanu. Yochokera kufakitale imakhala ndi kachitsulo kolembapo kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu, komanso kulemera komwe siyenera kupyola. Yowotcheredwa ku Mchesi kapena ku Biwi kachitsuloko ilibe. Funsani mmisiri kuti ekiselo ndi masipuling'i adazichotsa ku galimoto yanji, muwerenge kulemera kolembedwa m'mbali mwa tayala, kenaka mukaipimitse pa sikelo ya magalimoto isanalowe kanthu. Ngati ilibe mabuleki akeake, isapyole makilogalamu 750 pamodzi ndi katundu yense. Laisensi ya B nayo imalekezera pomwepo. Kupyola apo pamafunika EB. Za nambala puleti, COF ndi inshuwalansi kafunseni ku Road Traffic musanathire ndalama zambiri, paja safunsa adadya phula. Onaninso buku la galimoto yanu, chifukwa timagalimoto ting'onoting'ono tambiri timaloledwa kukoka zochepera 750.

2. Lembani chilichonse ndi kulemera kwake. Nachi chitsanzo, m'makilogalamu: tirela yopanda kanthu 300, madzi malita 80 ndi zotengera zake 90, batire 30, panelo 12, furiji yodzaza 35, silinda ya gasi ya 9 kg yodzaza 20, tenti ya padenga 55, matabwa a makabati 40, tayala la sipeya, jeke ndi zida 30, chakudya, ziwiya ndi mipando 60. Zonse pamodzi 672. Mwatsala ndi 78 yokha, pomwe zikwama za zovala sizinalowe. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye amene akufuna thanki ya malita 200 pa katirela kotere aganizenso.

3. Zolemera zikhale pansi, pafupi ndi ekiselo. Musanakhome kanthu, jambulani ndi choko pansi pa tirela pomwe chilichonse chidzakhale. Madzi akhale pamwamba pa ekiselo, batire patsogolo pake pang'ono, zopepuka ngati zofunda n'zimene zipite m'mwamba ndi kumbuyo. Amene adapakirako chimanga m'ngolo ya ng'ombe amadziwa kuti matumba akachuluka kumbuyo goli limanyamuka, ng'ombe n'kumayenda mosakhazikika. Tirela nayo ikalemera kumbuyo imanyamula msana wa galimoto, ndipo kupukusa kumayambira pamenepo.

Mutu wa tirela uzitsamira pa tow bar ndi 7 mpaka 10 peresenti ya kulemera konse. Pa 672 ndiye kuti makilogalamu 47 mpaka 67. Kupima kwake n'kosavuta. Imikani tirela pamalo osapendekeka, mutseke matayala ndi njerwa. Ikani sikelo pansi, kathabwa pamwamba pake, kenaka chipika choimirira chofika msinkhu wa tow bar yanu. Tsitsirani mutu wa tirela pachipikacho pang'onopang'ono, muwerenge. Ikaonetsa 20, sunthirani katundu kutsogolo. Ikaonetsa 110, bwezani wina kumbuyo. Mudzapimenso zonse zikatha, madzi ali odzaza komanso atatha.

## Magetsi

4. Werengerani moto wa tsiku limodzi. Chipangizo chilichonse chimalembedwa ma watt ake. Chulukitsani ndi maola amene chiziyaka, mupeza ma Wh, omwe ndi muyeso wa moto wodyedwa.

- Furiji ya 12V ya kompuresa, malita 40: imakoka pafupifupi 45W ikamalira, ndipo kotentha ngati ku Salima imalira maola okwana 10 patsiku, 450Wh
- Mababu 4 a 3W, maola 5: 60Wh
- Mafoni 4: 60Wh
- Fani ya 10W, maola 8: 80Wh
- Laputopu: 60Wh
- Pampu: 10Wh

Zonse 720Wh. Mwaona kuti furiji yokha yadya kuposa theka. Ngati maulendo anu ndi a usiku umodzi, cooler box yabwino ndi mabotolo a madzi owumitsa kunyumba zikukwanirani, ndipo batire, panelo ndi ndalama zonse zitsika kwambiri. Chenjezo: timafuriji totchipa tolumikiza poyatsira fodya m'galimoto, topanda kompuresa, timakoka moto osapumira usana ndi usiku, komanso sitiziziritsa mokwanira mu October. Musatigule.

5. Sankhani batire. Pano ndi pomwe ambiri amapusitsika ndi nambala. Batire ya gel kapena AGM ya 100Ah imasunga 1,200Wh, koma yololedwa kudyedwa ndi theka lokha, 600Wh. Mukamaikama mpaka pansi, pakangopita miyezi ingapo imasiya kusunga moto. Ndiye pa 720Wh yathu ija batire imodzi ya 100Ah siikwana ngakhale tsiku limodzi. Pafunika ya 150Ah kapena 200Ah, ndipo ya 200Ah imalemera pafupifupi makilogalamu 60, kuwirikiza kawiri zomwe tinalemba pa sitepe 2.

LiFePO4 ya 100Ah imasunga 1,280Wh, mutha kudyapo 1,000Wh osaiwononga, ndipo imalemera makilogalamu 11 mpaka 13 basi. Ndi yodula, inde. Koma pa katirela, pomwe kilogalamu iliyonse ikuwerengedwa, ine ndimati ngati thumba likulola tengani imeneyi. Chofunika kudziwa n'chakuti siyenera kutchajidwa kukazizira mpaka 0°C. Ku Nyika mu June ndi July m'mawa kumagwa chisanu chotere, ndiye dikirani kufunde musanalumikize panelo.

Batire yoyatsira galimoto musaigwiritse ntchito pano. Idapangidwa kuti itulutse moto wambiri kwa kamphindi, osati pang'onopang'ono usiku wonse. Pogula batire ya mtovu, monga gel kapena AGM, inyamuleni kapena muiike pasikelo pomwepo. Ya 100Ah yeniyeni imakhala pafupifupi makilogalamu 30. Ikakhala 18, cholembedwacho n'chabodza, ngakhale sitika yake iwale bwanji. Onaninso tsiku lomwe idapangidwa, chifukwa batire yokhalitsa pashelefu osatchajidwa imafa isanagwire ntchito.

Imangeni ndi lamba kapena chitsulo m'bokosi, isamasunthe. Ngati ndi yothira madzi, bokosilo likhale ndi mabowo m'mwamba, chifukwa ikamatchajidwa imatulutsa mpweya wotha kuphulika.

6. Sankhani panelo, muganizirenso za mthunzi. Kuno mutha kuwerengera maola 5 a dzuwa lamphamvu patsiku. Kutentha, fumbi ndi mawaya zimadyapo, ndiye chulukitsani ndi 0.7. Panelo ya 200W ikupatsani 200 × 5 × 0.7, zomwe ndi 700Wh, pafupifupi ndendende zimene mukudya. Ngati mumayenda nthawi ya mvula, December mpaka March, kapena m'masiku a mitambo a m'nyengo yozizira, tengani 300W. Panelo ya 200W yeniyeni imatenga malo pafupifupi sikweya mita imodzi. Kakang'ono kolembedwa 200W kasiyeni.

Funso lomwe anthu amaliiwala ndi ili: mukafika kunyanja masana, tirela muiimika pati? Aliyense amathamangira pansi pa mtengo. Panelo yokhomera padenga ndiye yagwira mthunzi tsiku lonse, ndipo ngakhale mthunzi wa nthambi imodzi umagwetsa moto wake kwambiri. N'chifukwa chake ndi bwino kuimanga mwakuti izitha kuchotsedwa: poyenda ili padenga pa mabawuti, pofika mukuitsitsa n'kukaiika padzuwa ndi waya wa 6 mm² wotalika mamita 10. Popeza tili kumwera kwa equator, ipendeketseni pang'ono kuyang'ana kumpoto, makamaka kuyambira April mpaka August pomwe dzuwa limadutsira kumeneko. Ikakhala padenga, siyani mpata wa masentimita 3 mpaka 5 pansi pake kuti mphepo izidutsa. M'mawa uliwonse ipukuteni ndi kansalu konyowa, ndipo mukachokapo imangeni ndi tcheni ndi loko.

7. Kontirola. 200W pa 12V ndi pafupifupi 17A, ndiye MPPT ya 20A ikwana. Pa 300W tengani ya 30A. Ya mtundu wina, wa PWM, ndi yotchipa koma imataya gawo la moto wa panelo. Samalani ndi timakontirola topepuka ngati kabokosi kopanda kanthu koma tolembedwa MPPT: yeniyeni imalemera chifukwa m'kati muli koyilo yaikulu ya kopa. Mukalumikiza, iuzeni mtundu wa batire yanu, gel kapena lithium, musanachite china chilichonse.

8. Mawaya ndi mafyuzi. Moto wa 12V sugwira munthu, koma umawotcha tirela. Batire ikachita shoti imatulutsa ma amp mazanamazana, waya n'kufiira m'masekondi ochepa. Fyuzi yaikulu iikeni pa waya wofiira, osapyola masentimita 20 kuchokera pamutu wa batire, kenaka swichi yodulira moto, kenaka kabokosi ka mafyuzi. Chipangizo chilichonse chikhale ndi waya wake ndi fyuzi yake:

- mababu ndi USB: 1.5 mm², fyuzi ya 5A
- pampu: 2.5 mm², 10A
- furiji: 4 mm², 15A
- kontirola kupita ku batire: 6 mm², 30A
- inveta ya 300W: 10 mm², 40A, waya waufupi ndithu

Fyuzi ntchito yake ndi kuteteza waya. Ikapsa, funafunani chomwe chaipsetsa. Kuikapo yaikulu kapena kulumikiza ndi kawaya ndi kuitana moto.

Waya wa m'nyumba, wouma uja, sugwira pa tirela. Kugwedezeka kwa pamsewu kumauthyola m'kati mwa pulasitiki momwe simungaone. Gulani wofewa wa tinsinga tambirimbiri. Muli m'sitolo momwemo, pemphani kachidutswa, musende pulasitiki, mupale tinsingato ndi mpeni. Kopa weniweni amakhala wofiirira mpaka m'kati. Mukaona kuti pansi pa kufiirako pakutuluka zoyera, ndi aluminiyamu wopakidwa kopa, ndipo ameneyo amatentha msanga n'kumathothoka polumikizira. Mubwezeni.

Timitu ta mawaya tifinyeni ndi chofinyira, kenaka mukoke mwamphamvu kuti muone ngati tagwira. Kupota mawaya ndi manja n'kukulunga tepi kumagwira mpaka pa bampu yoyamba. Paliponse pomwe waya akudutsa pabowo la chitsulo, ikani kalabala, ndipo mumangireni pakhoma pa masentimita 30 aliwonse. Waya wakuda wa negetivu abwerere ku batire payekha, musadalire chitsulo cha tirela chomwe chimachita dzimbiri.

9. Lumikizani motsatana bwino. Vulani wotchi ndi mphete. Phimbani panelo ndi bulangeti. Lumikizani kontirola ku batire poyamba, muone kuti yayaka, kenaka mulumikize panelo n'kuchotsa bulangetilo. Pomasula muyambe ndi panelo, batire pomaliza. Mukasemphanitsa, kontirola itha kupsa kapena kusokonezeka. Musanamange waya aliyense, tsimikizani pozitivu ndi negetivu ndi multimeter, osangokhulupirira mtundu wa pulasitiki. Sipanala isagone pamwamba pa batire ngakhale kwa kamphindi.

10. Inveta ndi kutchaja kwina. Ketulo yamagetsi ya 2,000W imakoka ma amp pafupifupi 180 pa batire ya 12V. Ayironi ndi hotipuleti n'chimodzimodzi. Chilichonse chotenthetsa chisiyireni gasi. Inveta ikhale ya laputopu ndi zina zing'onozing'ono, ya pure sine wave (yotulutsa magetsi ofanana ndi a ESCOM), ndipo izizimitsidwa ikakhala sikugwira ntchito, chifukwa imadya moto ngakhale palibe cholumikizidwa. Mafoni tchajani pa USB ya 12V.

Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Senga Bay ndi maola awiri kapena kuposerapo muli ndi tirela, ndipo galimoto itha kumatchaja batire panjira. Pafunika tchaja ya DC-DC (yotchaja batire ya tirela ndi moto wa galimoto), waya wa 16 mm², fyuzi mbali zonse ziwiri ndi pulagi ya mawaya aakulu yotchedwa Anderson. Soketi ya mapini 7 ya magetsi a tirela mawaya ake ndi opyapyala, si ya ntchito imeneyi. Osalumikiza batire ya lithium ku galimoto popanda DC-DC. Usiku woti mawa mukunyamuka, dzazani batire ndi magetsi a ESCOM, furiji nayo izizirire kunyumba ili ndi chakudya chozizira kale.

11. Yesani pabwalo panu. Gonekani tirela panja masiku awiri, furiji, mababu ndi fani zikuyaka monga zidzachitire kutchire. M'mawa dzuwa lisanatuluke zimitsani zonse, mudikire theka la ola, mupime. Batire ya mtovu yodzaza imaonetsa pafupifupi 12.7V, ikafika theka 12.2V. Ikatsika kuposa apo, batire yachepa kapena mukudya zambiri. Lithium voteji yake siisintha kwenikweni mpaka itatsala pang'ono kutha, ndiye imafuna kamita kowerenga ma amp olowa ndi otuluka. Pofika 3 koloko masana batire ikhale itadzazanso. Ikalephera, panelo ndi imene yachepa.

## Madzi

12. Thanki kapena zigubu? Munthu mmodzi amakwanira ndi malita 10 patsiku akamasamala: 3 akumwa, otsalawo ophikira, otsukira mbale ndi osamba a m'kabeseni. Anthu 4 masiku 2 ndi malita 80.

Ambiri amalakalaka thanki chifukwa imaoneka bwino. Kwa ine zigubu 4 za malita 20 zimaposa thanki pa maulendo a kuno kwathu. Madzi akatha mumanyamula chigubu n'kupita pa mjigo, pomwe thanki imafuna kuti mukoke tirela yonse. Chimodzi chikabowoka mwataya 20 yokha. Kutsuka n'kosavuta, ndipo zomwe zatha mutha kuzisuntha kuti kulemera kukhale bwino. Zipangireni kakhola kothina pamwamba pa ekiselo, muzimange ndi lamba. Zigubu zachikasu za mafuta ophikira zimagwira ntchito mukazitsuka bwino ndi madzi otentha ndi sopo. Chigubu chomwe mudalowapo petulo, dizilo kapena mankhwala a kumunda chisayandikire madzi akumwa, ngakhale mutachitsuka kangati.

Ngati mwasankha thanki, ikhale ya pulasitiki ya madzi akumwa, yosalowa kuwala kuti musamere ndere. Imangeni ndi malamba awiri achitsulo oyalidwa labala. Ikakhala kunsi kwa tirela, itchingeni ndi lata lolimba, chifukwa miyala ya msewu wa ku Dzalanyama kapena ku Ntchisi siichedwa kuibowola. Chenjezo: thanki ya theka madzi ake amakhavukira uku ndi uku pokhota ndi pogwira buleki. Yendani nayo yodzaza kapena yopanda kanthu.

13. Tsukani musanathire akumwa. Pa malita 80 thirani pafupifupi 100 ml ya Jik wosanunkhiritsa, mudzaze madzi, mutsegule mpopi mpaka fungo lituluke, musiye maola 4. Khuthulani, mutsukuluze kawiri. Madzi amenewa si akumwa.

14. Ikani pampu. Dongosolo lake ndi ili: thanki, kasefa, pampu, mpopi. Pampu ikhale pafupi ndi thanki, pansi, pa timalabala take. Polumikizira paliponse mangani ndi kalamba kachitsulo. Thanki ikhale ndi kapaipi kopumira m'mwamba kotchingidwa ndi kaneti, apo ayi pampu izikoka movutika. Ikani swichi yakeyake, muzizimitsa poyenda ndi pogona: paipi ikavuka muli pamsewu, pampu imapopa mpaka madzi onse atathera m'katundu. Mukamva pampu ikulira yokha kamphindi mpopi uli wotseka, pena pake pakudontha. Amene asankha zigubu atha kungoviika paipi m'chigubu chimodzi, chikatha n'kusamutsira m'chinzake.

15. Madzi a kumene mukupita. Nyamukani ndi madzi a Lilongwe Water Board odzaza. Ena alionse, a pa mjigo, pachitsime kapena m'nyanja, awiritseni mpaka abwate kwa mphindi imodzi, kapena muthire WaterGuard motsatira zolembedwa pabotolo n'kudikira mphindi 30. Kolera ya 2022 ndi 2023 idavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja komanso muno mu Lilongwe, ndiye izi si zochitira mphwayi. Madzi a m'nyanja osamba ali ndi vuto lina, likodzo. Atenthetseni kaye, kapena muwasiye m'chigubu masiku awiri musanasambe. Chigubu chimodzi chilembeni kuti ndi cha akumwa okha. Madzi otsukira mbale atayeni m'kadzenje kutali ndi nyanja kapena mtsinje.

## Kuphika ndi pogona

16. Gasi. Silinda iime chilili, yomangidwa, m'bokosi lakelake kunja kwa pogona. Gasi ndi wolemera kuposa mpweya, akatuluka amatsikira pansi, ndiye bowo la bokosilo likhale pansi. Asakhale bokosi limodzi ndi batire, fyuzi kapena inveta. Mukalumikiza, pakani thovu la sopo polumikizira ponse. Pakatuluka timathovu, tsekani mukonze. Machesi si choyesera. Poyenda ndi pogona tsekani pasilinda penipeni. Chozimitsira moto chikhale pofikira dzanja muli panja, osati pansi pa katundu.

17. Mbaula isalowe mogona. Ku Dedza kapena ku Ntchisi mu June kumazizira kwambiri, ndipo mtima umafuna kulowetsa mbaula m'tenti. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka, wosanunkha, womwe umapha anthu ali m'tulo. Ngakhale makala ooneka ngati azima amautulutsabe. Chitofu cha gasi nacho chisakhale chowothera. Onjezani mabulangeti, muthire madzi otentha m'botolo lolimba n'kulikulunga nsalu.

18. Fumbi, kutentha ndi udzudzu. Makabati apangeni ndi plywood ya 9 kapena 12 mm, yopakidwa vanishi mbali zonse mpaka m'mphepete. Chipboard imalemera, imatupa ikanyowa, ndipo zomangira zimasololoka pa mabampu. Muuzeni kalipentala kuti chitseko chilichonse chikhale ndi chokowera, osati maginito. Matani labala kuzungulira zitseko zakunja, kenaka muyese chonchi: usiku ikani tochi yoyaka m'kati, mutseke, muzungulire. Pomwe pakutuluka kuwala ndi pomwe fumbi la August lidzalowere.

Mogona mukhale mazenera awiri oyang'anizana okhala ndi kaneti, kuti mphepo izidutsa. Denga lipakeni penti yoyera. Neti yonyikidwa m'mankhwala ikhalepo ndithu ngakhale mazenera ali ndi kaneti, poti kunyanja malungo sasowa. Pansi pa matiresi bowolani thabwa mabowo angapo kuti chinyezi chizituluka. Lona lotambasula m'mbali mwa tirela, pa mitengo iwiri ndi zingwe, ndi lomwe lidzakhale khitchini ndi pochezera panu. Likhomeni zolimba, chifukwa mwera ukayamba usiku kunyanja umazula zikhomo zofooka.

19. Chimbudzi, anyani ndi zinyalala. Komwe kulibe chimbudzi, ndowa yokhala ndi chivindikiro ndi utuchi wothira pamwamba zimathandiza ana usiku. Zam'katizo kakwirireni m'dzenje lakuya kutali ndi madzi. Ku Cape Maclear ndi m'mapaki anyani amatsegula mabokosi osakhoma, ndiye chakudya chizikhala chotsekeredwa. Zinyalala bwererani nazo.

20. Tsiku lonyamuka. Maberingi akhale ndi girisi watsopano, matayala onse ndi sipeya yomwe ali ndi mpweya, manati omangidwa. Kolekani tcheni chotetezera, wina aime kumbuyo aone mabuleki ndi ma indicator. Mukayenda makilomita 20 kapena 30, imani mugwire pakati pa tayala lililonse. Kufunda n'kwabwino, pakatentha moti dzanja silingakhalepo, beringi ili pamavuto. Ngati mukupita ku Salima, imaninso pa Chezi muone malamba a katundu musanalowe m'mitsetse ya cha ku Mvera, ndipo mutsike ndi giya yaing'ono. Musapyole 80 km pa ola. Tirela ikayamba kupukusa, chotsani phazi pa mafuta pang'onopang'ono, chiwongolero chili chowongoka. Kuponda buleki mwadzidzidzi kumawonjezera vutolo.

## Zolakwika zomwe zimabwerezedwa

Kugula inveta yaikulu poyamba, poganiza kuti ndi imene imabweretsa moto. Inveta siipanga moto, imangodya wa m'batire. Ya 2,000W pa batire ya 100Ah ndi ndalama zotayika.

Kuyendetsa furiji ya m'nyumba kudzera pa inveta. Imadya kwambiri, siipirira kugwedezeka, ndipo chitseko chake chakutsogolo chimataya kuzizira konse mukangotsegula.

Kulumikiza batire yatsopano ndi yakale, kapena gel ndi lithium. Yofooka imakokera pansi inzake.

Kuika bokosi lalikulu kumbuyo kwa tirela, lonyamula tayala, gasi ndi zigubu, chifukwa m'kati malo atha. Apa ndi pomwe kupukusa kochuluka kumachokera. Malo akatha, chepetsani katundu.

Kuwotcherera pa tirela batire ndi kontirola zili zolumikizidwa. Musanapite nayo kwa wowotcherera, masulani panelo, kenaka batire, mutsitsenso silinda ya gasi.

Kutsekera furiji m'kabati yopanda mpweya. Siyani mpata wa masentimita 10 mbali ya kompuresa, apo ayi imalira osapuma, 450Wh ija n'kukwera kwambiri.

Kuiiwala tirela mukabwerako. Batire ya mtovu yosiyidwa yopanda moto kwa milungu ingapo siidzukanso, ndiye idzazeni tsiku lomwelo, mudule swichi yaikulu, muziitchaja kamodzi pamwezi. Lithium isungeni ili pafupifupi theka. Khuthulani madzi onse, musiye zivindikiro zotsegula kuti ziume, furiji nayo chitseko chake chikhale chotsegula pang'ono. Matiresi ayanikeni padzuwa, ndipo tenti yomwe mwaipinda ili yonyowa muitambasule pasanathe masiku awiri isanagwire nguwi.